Kachitsulo Nambala 214

Lachinayi usiku ku São José dos Campos,
mvula yatsika m'mapiri a Mantiqueira
ndipo basi yomaliza ndaisiya dala ipite.
Ndatsala ndi pampu yopopa mpweya, gugugu,
ndi khofi wozizira m'kapu ya Aristides.

M'kang'anjo kathu waya wafiira mpaka wayera,
madigiri apitirira zikwi ziwiri.
Timathiramo haidrojeni wambiri
ndi kampweya ka metheni, kongowaza ngati mchere,
kenaka n'kudikira kuti kaboni agwe
mwakachetechete ngati mame,
aphunzire kugwirana manja anayianayi
mpaka asanduke dayamondi.
Dayamondi wake si wa pamphete ya ukwati ayi.
Ndi kakhungu kotuwa, kopyapyala kuposa tsitsi,
koti kavale pa mano a chobowolera.

Koma chitsulo n'chadyera.
Ukachipatsa kaboni chimameza,
ukawonjezera chimamezanso,
chikakhuta n'kukulavulira mwaye.
Kuyambira nambala 1 mpaka 60, mwaye bii,
wochoka ndi chala.
Ndinkafika kunyumba zikhadabo zili zakuda
ngati za bambo anga
omwe anakalambira pa makina osemera zitsulo,
kunola zobowolera m'mawa,
masana zabunthanso, kunolanso,
akutukwana pang'onopang'ono kuti bwana asamve.

Aristides ndiye ananena, akutafuna chipala cha cholembera:
"Dalva, awiriwa sangakhalirane opanda nkhoswe."
Tinayala kromiyamu pakati pawo,
kansanjika kosaoneka ndi maso,
koti chitsulo chisamve fungo la kaboni,
dayamondi apeze pogwira.
Pamwamba pake tinakandapo ndi fumbi la dayamondi
poti mbewu simera pa thanthwe losalala,
n'kukaviika m'kabafa kolira ngati udzudzu
kufikira fumbilo litakhazikika m'timing'alu.

Ndipo anamera.
Nambala 137, ndimaikumbukira ngati tsiku lobadwa.
Pagalasi lokulitsa tinthu
tinaona timadenga tosongoka, tothithikana,
mudzi wonse womangidwa usiku umodzi.
Aristides anavina ndi mpando.
Ine ndinazimitsa moto mwachangu, mtima uli phaphapha.
Patapita mphindi zisanu tinamva: thee!
Chitsulo chikazizira chimafota,
dayamondi safota, alibe nazo ntchito,
ndiye anakanganuka yekha, n'kupiringizika
ngati khungu la anyezi.
Palibe anayankhula. Ndinasesa ndine.

Usiku uno ndikutsitsa moto madigiri asanu asanu.
Ndilembe, ndidikire, nditsitsenso.
Dzanja likuyabwa, likufuna kupotokola kamodzi n'kuthana nazo.
Ndalikhalira.
Mlonda wadutsa kawiri ndi tochi yake,
kachitatu wagogoda pazenera
n'kundifunsa ndi manja ngati ndili bwino.
Ndamuonetsa chala chachikulu, ngakhale sindikudziwa.

Itakwana 3 koloko m'bandakucha
ndatsegula kachitseko, khutu lili tcheru.
Zii.
Pampu yokha, ndi madontho a padenga.
Ndakatola ndi kapani, kakadali kofunda,
kotuwa ngati phulusa, kosakongola n'komwe.

M'thumba la yunifolomu ndimasunga tupa wa bambo,
chigwiriro chake chinadyeka mbali ya chala chachikulu.
Malamulo a muno sadziwa za tupa,
ali ndi makina awo oyezera, adzayeza mawa.
Koma ndamukhuza pamwamba pa kachitsulo,
kamodzi, kawiri, mwamphamvu.
Waterereka, tsee,
ndipo amene wasiya timizere ndi tupayo,
mano ake atatu aphwa.
Bambo akanaseka mpaka kutsokomola.
Mwina akanandikalipira kaye, tupa wawo.

Pakona imodzi pakanganuka pang'ono,
malo ochepa ngati kanjere ka mchenga.
Aristides akabwera m'mawa
adzayamba kuona pomwepo, ndikumudziwa,
adzati kromiyamu anachepa m'mphepete.
Adzakhala akunena zoona.

Ndatsuka kapu yake.
Ndatenga kachitsulo kena m'bokosi,
ndakapukuta ndi sipiliti,
ndalemba kumsana kwake: 215.